Mamita Awiri Pansi pa Dzenje

Lachiwiri masana, antchito atapita kukadya pamsika wa Chiringa, Goodman anatsegula bokosi m'galimoto ya kampani. Anatulutsamo kachitsulo kotalika ngati chinangwa, n'kukaponya m'thumba la feteleza, n'kukwera njinga. Iye anali waganyu wokumba ngalande. Anali atamva kuti m'kachitsulomo mumakhala mekyule yofiira, mankhwala a mtengo wapatali omwe ku Mozambiki amailimbirana.

Kampaniyo inkadutsitsa paipi ya madzi pansi pa msewu popanda kuukumba. Makina ankaboola chopingasa. Kachitsuloko, komwe ankakatchula kuti sondi, kankakhala kumutu kwa chobowolera n'kumatumiza chizindikiro kumtunda. Dyson ndiye ankayenda pamwamba ndi chowerengera m'manja, kuuza woyendetsa makina pomwe mutuwo wafika ndi m'mene wazamira.

Tsikulo Dyson anaika mabatire atsopano m'sondi, n'kuiwala kukhoma bokosi.

"A Dyson, bokosili amasunga ndani?" anafunsa kapitawo, a Amosi.

"Ine."

"Ndiye tifunse ndani?"

Nthawi ya 3 koloko kunabwera Sajeni Aliness wa polisi. Anafunsa aliyense, koma maso a onse anali pa Dyson.

"Bambo, kakapanda kupezeka pofika Lachisanu, mukagona m'chitokosi," anatero sajeniyo.

"Ndipatseni chowerengera," anatero Dyson. "Mabatire a sondi atha Lachisanu lomwelo."

Chowerengeracho chimamva pafupi pokha, mapazi makumi awiri basi. Dyson anayamba kuyenda. Lachitatu lonse anazungulira kuseri kwa magolosale, m'minda ya nandolo, m'njira za njinga. Anzake akuntchito anasiya kumupatsa moni. Amayi pamjigo ankasiya kucheza iye akamadutsa. Madzi ankamwa ataima, n'kupitiriza.

Lachinayi cha m'ma 10 koloko, m'mudzi wina wa kummawa kwa msika, chowerengera chinalira. Panali kuseri kwa nyumba ya Goodman, padzenje latsopano la chimbudzi. Dyson anaimbira sajeni, n'kukhala pachitsa kudikira.

Sajeni Aliness anafika pa njinga yamoto. Goodman anatuluka akuseka.

"Suzumirani nokha, bwana. Dzenje la chimbudzi ili. Mulibe kanthu."

Munalibedi kanthu. Dzenjelo linkalekeza m'chifuwa, pansi pake posalala.

"A Dyson, makina anuwa akuti chiyani?" anafunsa sajeni.

Mabatire a sondi anali atafooka, manambala a kuzama sankaonekanso. Dyson anayenda pang'onopang'ono mbali imodzi ya dzenje mpaka pomwe chizindikiro chinatembenuka, n'kuzika kamtengo. Anapita mbali inayo, n'kuzika kena. Anayeza pakati pake ndi tepi: mamita awiri ndi masentimita 80. Analemba pansi ndi chala, kugawa ndi 1.4, monga amachitira makina akakana kuonetsa kuzama.

"Mamita awiri," anatero.

"Dzenjeli silikufika pamenepo," anatero sajeni.

"Kali pansi pake."

"Bwana, awa ndi akuba akufuna pothawira," anatero Goodman. "Ine ndinalekezera pompa. Pansipa ndi mwala."

Mkazi wake, Lenia, anali ataima pakhonde ndi lichero.

"Mwala uti, bambo a kunyumba? Si sabata yatha ndinkakupatsirani madzi pachingwe, mutu wanu osaoneka?"

"Iwe, lowa m'nyumba!"

Sajeni anagwira Goodman lamba. "Imani pompano."

Palibe anadzipereka kukumba. Dyson anavula nsapato, anatenga khasu la Goodman yemweyo, n'kutsikira m'dzenje. Dothi linali lofewa. Anakumba mpaka mapewa ake anabisika, kenako mutu. Kumtunda kunkangooneka dothi likuponyedwa. Patapita ola, thumba la feteleza linagwera pamapazi a sajeni.

Unyolo utalowa m'manja, Goodman anayang'ana thumbalo ngati lamupereka.

"Komatu ndinakwirira bwinobwino. Ndinapondaponda."

Dyson anatuluka m'dzenje, akupukuta sondi ndi malaya ake.

"Pansi ndiye kwawo," anatero.

Sajeni anakweza Goodman pa njinga yamoto, nanyamuka. Anthu omwe anasonkhana anatsatira fumbilo. Dyson anaimbira kapitawo.

"Kapezeka."

"Kakugwira ntchito?"

"Kakugwira."

"Chabwino. Mawa 6 koloko."

Foni inaduka. Dyson anavala nsapato, n'kuyamba ulendo wa ku Chiringa wapansi.