Madzi Akuno Amabwerera

Theresa anali atagwada m'bafa m'nyumba yawo ya pamwamba ku Govan, akuchapa mayunifolomu ndi manja chifukwa makina anali atafa. Msana unkachita kuyaka. Tsiku lonse anakhalira kunyamula okalamba kuntchito. Mwamuna wake Eneya anali atachoka masana ndi mng'ono wake Manasseh, mlendo wongofika kumene kuchokera kwawo ku Kachulu, kunyanja ya Chilwa. Anapita kukawedza kumunsi kwa mtsinje wa Clyde, kumene mtsinjewo umakumana ndi madzi amchere. Ogasiti ankatha, ndipo ankati nsomba zayandikira kumtunda. Kunja kunada, osabwera.

"Odi!"

Theresa anaimika manja. Belu la pansi silinalire, chonsecho chitseko cha kumsewu chimadzitseka chokha. Koma odiyo anali pakhomo pake penipeni, pamwamba pa masitepe.

"Odi, alamu!"

Anatsegula. Anali Manasseh, wopanda nsapato, madzi akuchucha m'malaya.

"Iii alamu, ndiwo zake ndinu? Talowani, mukundinyowetsera pakhomo."

Sanalowe. Sanasekenso, munthu amene ankaseka ngakhale m'tchalitchi.

"Madzi akuno amabwerera," anatero chapansipansi. "Tinawapeza ataphwa, mchenga wokhawokha. Ndinati, achimwene, uku n'ku Chilwa basi, tiyeni mkati. Kwathu madzi akaphwa amadikira mvula."

"Nanga achimwene anuwo ali kuti?"

"Akangamira chipilala cha nyale yobiriwira, kupitirira Cardross. Madzi afika m'chifuwa. Imbani msanga, alamu."

Theresa anathamangira foni n'kuimba nambala ya zangozi. Chingerezi chinamuthawa, koma anakuwa dzina la malowo ndi nyale yobiriwirayo mpaka mayi wa mbali inayo anamva.

Atabwerera pakhomo, panalibe munthu. Panali chithaphwi chokha, chonunkha mchere ndi ndere. Anasuzumira pansi. Masitepe onse anali ouma gwa.

Boti la opulumutsa anthu linampeza Eneya manja ataumira kuchipilala, mano akugwedera. Kuchipatala, atayamba kuyankhula, anafotokoza kuti pachipilalacho anafikapo onse awiri. Mafoni anali atamwa madzi kale. Malo opondapo anali a munthu mmodzi.

"Anandikankhira pamwamba," Eneya anatero. "Akuti, 'Inu muli ndi ana. Ine ndikaitane alamu.' Ndinamukalipira kuti asachite misala. Anangotaya dzanja langa."

Kenako anatembenukira kwa Theresa.

"Mayi a Wezzie, inu anakuuzani ndani kumene ndinali?"

Theresa anangomukokera bulangete m'mapewa.

Amayi a Mvano atabwera kudzakhala naye kunyumba, ankanong'onezana kukhitchini. Ena ankati kutopa kumaonetsa zinthu. Ena ankati munthu akapita uthenga uli m'kamwa, sagona mpaka ataupereka.

Manasseh anampeza Lamulungu m'mawa, madzi ataphwanso, ali chafufumimba pamchenga, kutali ndi msewu uliwonse wopita ku Govan.