Mphako ya Zinkhwe

Anakumana pageti la nkhalango ya kumapeto kwa tauni, pomwe kanjira ka alendo kamayambira. Mtsikanayo ndiye anali namulondola. Mnyamatayo anatsika basi, kamera ili lendee pakhosi.

"Ndadzera mbalame, koma taonani ndayambira yokongola kuposa zonse," anatero akumwetulira.

"Aaa, achimwene inu! Lowani kaye," anayankha namulondola, mtima uli phaphapha.

Nkhalangoyo inatsala ndi banja limodzi lokha la zinkhwe, ndipo linaswa mumphako ya mtengo wina wa m'mbali mwa kanjirako. Antchito anali ndi lamulo: ukamadutsa pamtengowo ndi mlendo, osaima, osayang'ana kumwamba. Ogulitsa mbalame amawerenga maso a namulondola.

Wakamera uja anayamba kubwerabwera. Mameseji nawo ngati mvula.

"Njiwa yanga, wadya?"

"Ndikumangira nyumba ya mawindo akuluakulu, uzidzaonera mbalame uli pabedi."

Ndani sakanagwa nazo? Pakamwa pa munthuyo panali potsekemera zedi.

Tsiku lina akuyenda awiriwiri, anamugwira dzanja. "Mtima unandipatsa, koma chisa ukundimana. Ndiye chikondi chimenecho, wokondedwa?"

"Bwana anatiletsa kunena."

"Usanene. Ine ndingofuna ndidziwe kuti umandikhulupirira."

Mtsikanayo sananenedi. Atafika pamtengo paja anangowerama, n'kumanga chingwe cha nsapato chomwe sichinamasuke n'komwe.

Lolemba m'mawa anapeza bwana wake ataima pansi pa mtengowo, manja ali m'chiuno. Mphako inali itang'ambidwa ndi nkhwangwa, zipalapala zili mbwee pansi. Ana a zinkhwe munalibe.

"Mwanawe, amene wabwera apa sanafufuze. Anachita kulunjika," anatero bwanayo, osamuyang'ana.

Namulondola anaimbira foni wakamera uja. Sinayankhidwe. Kenako kameseji kanalowa:

"Usalire njiwa yanga, mbalame zimaswanso. Usandiimbirenso, madamu sakondwa nazo."

Madamu! Ndiye nyumba ya mawindo ija anali kumangira yani? Anapsa mtima mpaka misozi inakana kutuluka. Anadana naye munthuyo, koma anadzida yekha koposa.

Ali chiimire choncho, make wa tianato anatera pamphako yong'ambikayo, chakudya chili kukamwa. Anasuzumira mkati, n'kuitana. Anasuzumiranso.

"Azibwerabe chonchi mpaka atatopa," anatero bwana motsitsa mawu. "Ukudziwapo kanthu?"

Namulondola anavula chipewa cha yunifomu n'kuchipereka ndi manja awiri.

"Ndine, bwana. Ndinaima."