Diresi Lachikasu mu Mkeka wa Sorina

Sorina ankakhala m'mudzi wa m'mapiri ku Romaniya. Anali ndi khumbo limodzi. Ankafuna kukongoletsa chipinda cha amayi ake.

Amayi ake ankagwira ntchito kutali, ku Italiya. Ankasamala mayi wina wokalamba kumeneko. Kwawo ankabwera pa Pasaka pokha. Tsopano Pasaka inali itayandikira.

Mudzi wonse unali pa kalikiliki. Ena ankachapa makatani. Ena ankapaka njereza m'makoma. Bambo ake a Sorina, a Mitru, nawonso anapaka njereza. Chipinda cha amayi chinayera kuti mbee. Koma pansi panali matabwa okhaokha. Anali matabwa akale, ong'aluka.

"Atate, tikagule kapeti kusitolo," anatero Sorina.

A Mitru anaseka. Anapisa m'thumba la buluku lawo. Anatulutsa msomali wopindika ndi kanyenyeswa ka buledi.

"Nazi ndalama zanga," anatero. "Pita nazo. Akakupatsa kapeti, unditengerekonso galimoto."

Sorina anakwinya nkhope.

"Usakwiye, mwanawe," anatero a Mitru. "Kapeti ya anthu ngati ife ndi mkeka wa nsanza. Iwe dula zovala zakutha. Tanti Saveta akulukira."

Tanti Saveta anali mayi wa nyumba yoyandikana nawo. M'chinenero chawo, Tanti ndiye kuti azakhali. Anali ndi cholukira chachikulu cha matabwa. Mikeka yonse ya m'mudzimo inkachokera m'manja mwawo. Anali ndi manja abwino. Koma pakamwa, eee, panali polasa!

A Mitru anabweretsa thumba la zovala zakutha. Sorina anatenga sizasi. Cheku, cheku, cheku! Anadula nsalu kukhala tizingwe tatitali. Analumikiza tizingweto ndi singano. Kenaka anatikulunga kukhala mipira. Umu ndi mmene amachitira kumeneko.

Anadula buluku la atate. Linali lotuwa. Anadula malaya a atate. Anali otuwa. Anadula jekete la atate. Nalonso linali lotuwa. A Mitru sankadziwa mtundu wina.

Sorina ananyamula mipira yake. Anapita nayo kwa Tanti Saveta.

Tanti Saveta anayang'ana mipirayo. Anaitembenuza uku ndi uku.

"Iwe mwana," anatero, "ukufuna mkeka kapena chikopa cha bulu?"

"Mkeka, Tanti."

"Nanga kwanu kulibe kansalu kowala ngakhale kamodzi? Mayi ako akaona izi, akweranso basi n'kubwerera!"

Tanti Saveta anaseka mpaka kutsokomola. Sorina sanaseke. Anabwerera kunyumba mutu uli pansi.

Analowa m'chipinda cha amayi. Pansi pa bedi panali bokosi la matabwa. Sorina analikoka. Analitsekula. Munali zofunda. Munali nsalu za pathebulo. Ndipo pansi penipeni panali kanthu kokulunga m'pepala.

Sorina anamasula pepalalo. Munali diresi lachikasu. Linali ndi timaluwa tobiriwira. Linali lokongola kwabasi.

Koma linali lakale. M'khwapa linali long'ambika. Kutsogolo linali ndi banga. Linalinso laling'ono kwambiri.

"Amayi sangalowemo umu," anatero Sorina. "Ndi nsanza basi."

Nsanza, ati! Nsanza sakulunga m'pepala. Sorina anali mwana wanzeru, ndipo akanatha kuziganiza zimenezi. Atate ake anali kuseri kwa nyumba. Ankadulira mitengo ya zipatso. Sorina ankamva ndithu macheka awo akulira. Kukafunsa sikukanamutengera nthawi.

Koma Sorina anali ndi phuma. M'makutu mwake munali chikopa cha bulu chokhachokha.

Anatenga sizasi. Cheku, cheku, cheku! Anadula mikono. Anadula kolala. Anadula diresi lonse. Tizingwe tachikasu tinadzaza pamiyendo pake.

Nthawi yomweyo a Mitru analowa.

"Atate, taonani!" anatero Sorina. "Ndapeza nsalu yowala!"

A Mitru anaima pakhomo. Anayang'ana tizingwe. Anayang'ana bokosi. Anayang'ana pepala lili pansi. Anavula chipewa chawo pang'onopang'ono.

"Sorina, wachita chiyani?"

Sanakalipe. Bwenzi kuli bwino akanakalipa. Anangokhala pa bedi.

"Diresi limeneli anasoka ndi agogo ako," anatero. "Mayi wa amayi ako. Analisoka pamanja. Amayi ako anali akadali mtsikana. Chaka chomwecho agogo anamwalira. Nyumba yawo inagulitsidwa. Chomwe amayi ako anatsala nacho ndi diresi lokhali."

Sorina anayang'ana sizasi m'manja mwake. Anaiponya pansi. Mtima unamuwawa kwambiri.

"Ndikanafunsa," anatero.

"Inde," anatero a Mitru. "Ukanafunsa. Inenso ndikanakuuza."

"Ndilisoka, atate! Ndilibwezeretsa!"

Sorina anathamangira singano. Anayala tizingwe pathebulo. Aka n'ka mkono kapena n'ka kumsana? Aka n'ka kutsogolo kapena n'ka kolala? Tonse tinali tofanana. Anasoka kena ndi kanzake. Timaluwa sitinakumane. Anamasula. Anasokanso. Singano inamubaya chala. Nsalu yakaleyo inayamba kunyotsoka.

Diresi silinabwerere. Sorina analira misozi ili mbwembwembwe.

"Ndikanafunsa," anatero. "Ndikanangofunsa."

M'mawa mwake anatola tizingwe tonse. Anatikulunga m'pepala muja. Anaganiza zotibisa pansi pa bokosi.

"Atate, mwina amayi satsekula bokosi chaka chino."

"Mwina," anatero a Mitru.

"Inu muwauza?"

"Ayi. Anagwira sizasi ndiwe. Wowauza ndiwenso."

Sorina anaganiza za amayi ake. Anawaona m'maganizo akutsekula bokosi ali okha. Anawaona akumasula pepala. Anawaona akupeza nsanza. Ayi, zimenezo zinali zoipa koposa.

Ananyamula phukusilo. Anapita nalo kwa Tanti Saveta. Anawafotokozera zonse.

Tanti Saveta anagwira kazingwe kamodzi. Anakayandikizitsa kumaso. Tsiku limenelo sanaseke.

"Mayo ine," anatero. "Ndikulikumbuka diresi ili. Mayi ako ankavina nalo pabwalo. Anyamata onse makosi kupotoka."

Anapukuta maso ndi nsonga ya mpango wawo.

"Pakamwa pangapa! Ndinakuseka ine, mwanawe. Ndikanatseka pakamwa, bwenzi diresi lilipo."

"Tanti, simungalisoke?"

"Sindingathe. Palibe angathe."

"Nanga nditani?"

"Ukatisiya m'bokosi, njenjete zitidya. Tikatiluka, tikhalitsa. Koma kuluka si kufufuta mlandu, wamva? Mayi ako ukawauzebe."

"Ndamva, Tanti."

Anakhala pa cholukira awiriwo. Tanti Saveta ankaponda matabwa apansi. Sorina ankalowetsa tizingwe. Khu, khu, khu! Analuka totuwa. Khu, khu, khu! Analuka tachikasu. Kenaka totuwa. Kenaka tachikasu.

Mkeka unakula. Unali wokongola zedi. Chikasu chinkawala pakati pa zotuwa. Sorina ankafuna mkeka wokongola, ndipo anaupeza. Koma sanakondwe nawo ngakhale pang'ono.

Anauyala m'chipinda cha amayi. Anatseka chitseko.

Tsiku la kubwera kwa amayi linafika. A Mitru anaphika mazira. Anawanyika mu utoto wofiira, monga amachitira kumeneko pa Pasaka. Tanti Saveta anabweretsa buledi wotsekemera. Nyumba yonse inanunkhira. Sorina sanalawe kanthu.

Basi inaima pamsewu. Amayi anatsika ndi zikwama ziwiri.

"Sorina wanga! Wakula chonchi? Akukudyetsa chiyani atate akowa?"

Amayi anamukumbatira. Anamupsompsona masaya onse. Sorina anawagwira zolimba. Koma sanamwetulire.

"Bwanji kodi? Ukudwala?"

"Ayi, amayi."

Analowa m'nyumba. Amayi anavula nsapato pakhomo. Anatsekula chipinda chawo.

"Eee! Makoma kuyera! Nanga mkeka uwu? Wokongola bwanji!"

Anakweza phazi kuti aponde. Phazilo linaima m'malere. Amayi anawerama. Anayang'anitsitsa timaluwa tobiriwira.

Sorina sanadikire kuti afunsidwe.

"Amayi, ndi diresi lanu. Lija anasoka agogo. Ndinalidula ine. Ndinkayesa nsanza. Sindinafunse. Pepani, amayi."

Amayi anagwada. Anakoka bokosi. Analitsekula. Anapisa mpaka pansi. Munalibe kanthu kokulunga m'pepala.

Anakhala pa bedi. Anaphimba nkhope ndi manja. Analira. Sorina anali asanaonepo amayi ake akulira chonchi.

Kenaka amayi anaimirira. Anazungulira mkeka osauponda. Anatuluka panja. Anakakhala okha pansi pa mtengo wa zipatso.

Sorina anafuna kuwatsatira. A Mitru anamugwira paphewa.

"Asiye kaye."

"Sandikondanso, atate?"

"Iwe, usalankhule zopusa. Akumva kuwawa. Zimenezo n'zosiyana."

Sorina anakhala pakhomo pa chipinda. Anadikira. Tiyi anazizira pathebulo. Mazira ofiira anangokhala m'mbale. Anadikirabe.

"Ndikanafunsa," ananong'ona yekha.

Patapita nthawi amayi analowa. Maso awo anali ofiira. Anagwada pambali pa mkeka. Anausisita ndi dzanja. Anausisitanso.

"Waluka ndani?" anafunsa.

"Tanti Saveta ndi ine."

"Totuwati ndi mabuluku a atate ako?"

"Inde, amayi. Ndi malaya. Ndi jekete."

"Ndimadziwa," anatero amayi. "Munthu uyu ndi zotuwa zake!"

A Mitru anatsokomola pakhomo. Amayi anatembenuka.

"Mitru, bweretsa nyundo ndi misomali."

"Ya chiyani?"

"Palibe aponde mkeka uwu. Ukhala pakhoma."

A Mitru anakwera pampando. Amayi anagwira mbali imodzi. Sorina anagwira mbali ina. Kho, kho, kho! Mkeka unapachikidwa pakhoma, pambali pa bedi la amayi.

Amayi anakhala pa bedi. Sorina anaima patali. Ankaopa kuyandikira.

Amayi anayendetsa chala pa mzere wachikasu. Chalacho chinaima.

"Sorina, tabwera."

Sorina anasendera.

"Taona apa."

Pakati pa tizingwe panali timaulusi toyera. Tinali tating'ono. Tinali tondondozana bwinobwino.

"Uwu ndi msoko wa amayi anga," anatero amayi. "Apa panali pa mpendero. Sizasi yako inapalambalala."

Sorina anagwira timaulusito ndi chala. Agogo akewo sanawaonepo. Koma apa ndi pamene manja awo anadutsa.

"Ankasoka atakhala pawindo," anatero amayi. "Ine ndinkangovutitsa. Latha? Latha? Ndinali ndi phuma ngati iwe."

Amayi anamwetulira pang'ono. Misozi inatsikanso.

"Ndikanakuonetsa kale diresi lija. Ndinkangolibisa. Ndinkati ndidzakuonetsa ukadzakula."

Sorina anawayang'ana kumaso.

"Amayi, mukadali okwiya?"

"Ayi, mwana wanga. Mkwiyo watha."

"Nanga chisoni?"

"Chisoni chilipo. Chikhalapo ndithu."

"Inenso chilipo," anatero Sorina.

Amayi anasendera. Anamupatsa malo pa bedi.

"Ndiye bwera kuno," anatero. "Usakhale nacho wekha."

Sorina anakwera. Anatsamira pa phewa la amayi ake. Amayi anamukumbatira ndi dzanja limodzi. Dzanja linalo silinachoke pa msoko wa agogo.