Gudumu la ku Chelstone

Woyamba kuona anali ba Gilson, mlonda, ndipo anayamba wanamizira maso ake a ukalamba. Gudumu lamadzi la kuseri kwa nyumba yakale yoombera nsalu, kumalire a dera la Chelstone, linali litaima zaka zambirimbiri moti mbalame zinamangapo chisa pamwamba. M'mawa umenewo chisacho chinali pansi chozondoka, matabwa a gudumu akudontha madzi. Unali mwezi wa Okutobala, kopanda ndi dontho lomwe la mvula.

Nyumbayo anaimanga mzungu wina wolima thonje, dera lonselo likadali tchire. Anapatutsa kamtsinje ndi ngalande, madzi n'kumazunguza gudumu, gudumu n'kumakoka lamba, lamba n'kumayendetsa makina oombera mabulangete. Mzungu atapita, malowo anatsala ndi banja la ku Chipata limene linkamugwirira ntchito, ndipo mayi wa banjalo anaomba nsalu mpaka kamtsinje kanauma. Atamwalira anasiya ana awiri. Febby ankasesamo Loweruka lililonse, akulakalaka ana asukulu azidzaona mmene makolo ankapangira nsalu. Mlongo wake wamng'ono, Amock, ankangoonapo poti pamangidwe mafulati, nyumba zogona zosanjikizana. Wogula analipo kale, ba Morris, mwini chinyumba cha mpanda wautali kumtunda kwake, ndipo anagwirizana zomaliza zonse kutha kwa mwezi.

"Ba Febby, chinafa kudala ichi chintu," Amock anali atanena masiku apitawo pamaso pa abale, akuseka. "Chikazunguluka chabe kamozi, nalumbila pa manda ya amama, sinizagulisa."

Pakamwa pamathamanga kuposa mwini wake.

Usiku wa tsiku limene chisa chinagwa magetsi anali atathima monga mwa masiku onse, mdima wake woti sungaone ndi chikhatho chako chomwe. Patapita maola, ba Gilson ali m'kanyumba kawo atadzitsekera, anamva kubuula kwakutali ngati kwa nkhalamba yodzuka pamphasa. Kenako gwiii, chete, gwiii, ndiye phwa, phwa, phwa, pang'onopang'ono mpaka agalu a m'mipanda yonse anayamba kuuwa. Sanatuluke. Iwo analembedwa ntchito yothamangitsa akuba, za akufa sizinali m'pangano.

Nkhani inafika pamsika dzuwa lisanatenthe. Ogulitsa tomato ankati malemu akwiya ndi zogulitsa malo. Ena ankati Febby wapita kwa sing'anga. Amock ankati mlongo wake amabwera mobisa ndi ndowa, ngati kuti mayi wodwala msana angazunguze chigudumu cholemera ngati galimoto. Mawuwo anamupweteka Febby, koma kunena zoona nayenso ankaopa. Ankafuna gudumu lizungulire, inde, koma osati lokha mumdima.

Litalira usiku winanso, anagwirizana zokagonera konko atatu: Febby ndi kabuku ka nyimbo, Amock ndi tochi, ba Gilson ndi chibonga chimene ankachigwira ngati akuchipempha kuti chiwateteze. Anakhala pakhonde. Mphepo inkalowa m'malata obooka n'kumaimba mluzu, ndipo m'kati munkanunkha thonje lakale ndi mafuta a makina.

"Mwamvela?" ba Gilson ananong'ona.

"Ni mala yanga," anatero Amock akuloza pamimba pake, koma mawu ake anatuluka opyapyala.

Kutali, mababu a m'mipanda anayaka onse pamodzi. Magetsi abwera. Patapita kanthawi, m'ngalande youma munamveka tswa, tswa, chinthu chikukwawa m'masamba ouma kubwera kumene anakhala. Amock anakweza miyendo. Tochi itayaka, anaona madzi akukankha zinyalala, akudzaza ngalande, n'kugwera pa matabwa. Gudumu linabuula, linagwedezeka, n'kuyamba kuzungulira.

Febby sanadikire. Anatsata madziwo kumtunda, amuna awiri akubwera m'mbuyo mwake chifukwa choopa kutsala okha. Ngalande inawafikitsa pa chibowo cha pansi pa mpanda wa ba Morris, ndipo pamwamba pake thanki yaikulu inali kusefukira ngati mathithi. Atagogoda pageti, mwini nyumba anatuluka atafunda thaulo, maso ali psuu ndi tulo.

"Ah, ni pampu," anatero mwamanyazi. "Malaiti siyaziwika ntawi yobwela, so nimaisiya yoyasa. Manje nikagona, nagona."

Ba Gilson anaseka mpaka chibonga chinagwa. Munthu wofuna kugwetsa nyumbayo ndi amene ankaidzutsa usiku uliwonse, osadziwa!

"Chazunguluka, Amock," Febby anatero pobwerera. "Unalumbila."

"Awe, ba Febby, iyo siiwelengeka. Ni manzi ya mu tanki. Ine nenze kukamba za mumana, kamtsinje kaja."

Febby anasweka mtima. Kunja kunali kukucha, ndipo analowa m'nyumba yoombera kuti aione bwino, poti mwina aka n'komaliza. Amock anamutsatira akupitiriza kudziteteza, koma atafika pa makina a pakona, anaima n'kuyang'anitsitsa.

Lamba wa makinawo anadyedwa ndi makoswe kalekale, ndipo zidutswa zake zinali lende padenga monga mwa nthawi zonse. Gudumu likanazungulira chaka chathunthu, makinawo sakanagwedezeka. Koma pamenepo panali nsalu yatsopano, yotalika ngati chikhatho, yoyera, yolukana bwino, yopanda fumbi. M'mphepete mwake munkayenda ulusi umodzi wofiira. Onse awiri anafunda mabulangete a mzere umenewo ali ana, ndipo ankadziwa dzanja limene linkauika.

Amock anavula kapusi pang'onopang'ono.

"Amama, namvela," anatero motsitsa. "Sinizagulisa."

Febby anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Anawerama, n'kuyang'anitsitsa kamtengo kokulungira ulusi, kenako anatembenukira kwa mlonda amene anali atakakamira pachitseko.

"Ba Gilson, mukauze ba Morris asazizimya pampu. Naiwe Amock, ukayenda mu tauni ugule kotoni yofiila. Yasala ing'ono, amama bazaisowa usiku."