Nkhono Zakufa Zabwerera pa Thanthwe

Nkhono yoyamba kubwerera inali ndi nambala 46 pamsana, yolembedwa ndi utoto wofiira. Nankhono, monga ankamutchulira asodzi, anaiyang'ana mpaka miyendo inachita dzanzi. Kalembedweko ankakadziwa, kanali ka bambo ake, koma nkhono za utoto wofiira zinafa zaka makumi awiri zapitazo.

Ntchito yake inali yosekedwa ndi aliyense. Madzi a m'nyanja akaphwa, ankatsikira kumatanthwe, n'kuika chitsulo cha ngodya zinayi pamalo omwewo chaka ndi chaka, n'kuwerenga nkhono zomatirira m'katimo. Bambo ake poyamba ntchitoyi ankapeza mazana atatu. Chaka chatha iye anapeza ziwiri zokha, nazonso zinafa, ndipo a ku ofesi imene inamulemba ntchitoyo analemba kalata yaulemu kwambiri, monga amachitira akafuna kukupweteka: thanthwe likapezeka lopanda kanthu, kuwerenga kutha, ndipo iye ndi bambo ake okalambawo atuluke m'nyumba ya ofesi.

Itabwerera ya nambala 46 ija, m'mawa mwake nkhono zinali zisanu ndi ziwiri. Tsiku lachitatu zinakwana makumi awiri, iliyonse itakhala pachipsera chake chakale pamwala. Sanazikhudze, pakuti lamulo la ntchitoyi n'lakuti nkhono suigwira, ukaimatula imafa. Komanso, kunena zoona, ankaopa.

"Nyanja yayamba kubweza akufa ake," ananong'ona msodzi wina akusoka ukonde. "Ikatha nkhono, ibweza anthu."

Usiku mafunde akapita kutali, m'mdima wonunkha ndere munkamveka kaphokoso kopala mwala, kwee, kwee, n'kuleka, n'kuyambanso. Nankhono ankafunda kumutu, akudzida chifukwa mkati mwa manthawo munalinso chiyembekezo.

Usiku wachinayi analephera kupirira. Anapita kukadzutsa bambo ake, koma anapeza bedi lozizira, chitseko chakuseri chili pululu. Anatsika ndi tochi, miyala yoterera ikumucheka zala, phokoso lija likuyandikira. Pathanthwepo panagwada chinthu chakuda, chikugwedezeka pang'onopang'ono.

"Zimitsa tochiyo," chinatero ndi mawu a bambo ake.

Nkhalambayo inkapala ndere ndi mpeni. Pambali panali guluu womatira ndi thumba la zigoba zakale zimene inasunga kuchipinda chosungira katundu.

"Bambo, izitu ndi zigoba chabe. Mulibe kanthu m'katimo."

"Ndikudziwa, mwana wanga, sindinapenge. Koma a ku ofesi aja adzabwera kudzazitembenuza? Nsapato zawo zimaopa madzi."

"Munandiphunzitsa ndinu kuti buku la chiwerengero silinamizidwa."

"Ndinkanena thanthwe lili lodzaza," anayankha. "Ndiye ulembamo chiyani?"

"Chimene chilipo, bambo."

Nankhono anamva chisoni chimene sanachimvepo, chifukwa anaona kuti bambo ake sankalirira nyumba yokha ayi, ankalirira zaka makumi anayi zimene anathera kuwerenga chinthu chimene chinkatha. Kutali madzi anali atayamba kubwerera.

Pamapeto pake nkhalambayo inapukuta mpeni pamalaya n'kumupatsa.

"Matula wekha," anatero osamuyang'ana. "Ndipo mawa ziroyo ukamulembe wozungulira bwino, asakamuyese sikisi."