Kasitomala Amene Ndinamuuza Kuti Adikire

Pofika mwezi wa June chaka chatha ndinali nditatha miyezi inayi ndilibe kasitomala. Dzina langa ndine Dyna, ndipo ntchito yanga ndi usekeletale wa pa intaneti. Munthu ali kutali, ine ndili kuno ku Mchinji, ndimamuyankhira maimelo, kumukonzera misonkhano ndi kumukumbutsa zoti achite. Bwana wa ku Joni amene ndinkamugwirira anatseka bizinesi yake, n'kunditsanzika ndi uthenga wa mizere iwiri.

Kuyambira pamenepo ndinkangolembera anthu. Tsiku lililonse makalata khumi, mwina kuposa. Ambiri sankayankha. Oyankhawo ankangoti tidzakuuzani. Maso ankandiwawa, msana unkandiwawa, ndipo amayi ku Chiosya anali atayamba kunena kuti ndingobwerera ndikawathandize kuthothola mtedza.

Kenako anandiyankha mayi Phoebe, Mmalawi wokhala ku Amereka, amene ali ndi kampani yosamalira okalamba. Anati tionane pa vidiyo Lachinayi akaweruka. Kwa iwo inali 7 koloko madzulo, kwa ife 1 koloko usiku. Anatsindika chinthu chimodzi: ndikhale ndekha m'chipinda, chifukwa ntchitoyo imakhudza zinsinsi za odwala.

Kumene ndimakhala netiweki imagwira ikafuna. Ndinakapempha malo kwa alamu anga a Levi, amene ali ndi kaofesi pafupi ndi boda kothandiza madalaivala a mathiraki pa mapepala a katundu. Muli sola ndi intaneti yabwino.

"Usiku?" anandifunsa.

"Usiku, alamu. Ndi nthawi yokhayo imene apezeke."

Anatulutsa kiyi wa kaofesiko, n'kumuyang'ana kanthawi asanandipatse. "Mukadzikhomere," anatero.

Ndinafika cha m'ma 9 pa njinga yamoto. Kunkazizira. Mathiraki anali atandandalika m'mbali mwa msewu, onse atazima. Mlonda wa mashopu a pamenepo, a Jobson, ankaotha mbaula kumapeto kwa khonde. Ndinawapatsa moni, n'kulowa, n'kukhoma.

Kaofesiko n'kakang'ono. Tebulo, mpando, ndi benchi ya makasitomala kukhoma. Ndinatchera laputopu, benchi ili kumbuyo kwanga. Ndinabwereza mayankho anga mpaka lilime linauma. Ndinamwa tiyi wa m'fulasiki. Ndinasinza, n'kudzidzimuka, n'kusinzanso.

Patatsala mphindi khumi kuti 1 koloko ikwane, wina anagogoda.

Katatu, pang'onopang'ono.

"Odi."

Anali mawu a bambo, osasa ngati a munthu wa chimfine. Ndinasuzumira pazenera. Anaima pafupi ndi chitseko, atavala jekete yaikulu, envelopu yakhaki kumanja. Babu la pakhonde linali kumbuyo kwawo, ndiye nkhope sindinaione.

"Mapepala anga atuluka?"

"Pepani bambo, ofesi yatseka. Ine sindigwira muno."

"Ndaona nyale."

"Mubwere mawa m'mawa, mudzawapeza eni ake."

"Anandiuzanso choncho."

Sanachoke. Sanakwiyenso. Anangoima, envelopu atayikumbatira pachifuwa.

"Inu si mumathandiza anthu amene ali kutali?" anafunsa.

Pabodapo panalibe amene ankadziwa ntchito yanga kupatula alamu.

"Inenso ndili kutali," anatero.

Nthawi yomweyo laputopu inayamba kulira. Mayi Phoebe anali atafulumira. Ndinayankhula mawu amene aliyense wa muofesi amayankhula akafuna kuchotsa munthu pamaso pake.

"Dikirani kaye bambo, ndimalize izi."

"Chabwino. Ndidikira."

Ndinakoka katani n'kukhala pampando. Mayi Phoebe anali munthu wansangala. Anandifunsa za kwathu, anati akusowa mbatata ya kuno, kenako analowa m'mafunso. Ndinkayankha bwino. Anandionetsa mmene amalembera maina a odwala, n'kunditchulira tsiku limene ndingayambe. Kwa nthawi yoyamba m'miyezi inayi, mapewa anga anamasuka.

Mwadzidzidzi anasiya kuyankhula. Maso awo sanalinso pa ine.

"Dyna, ndinakuuzani kuti mukhale nokha."

"Ndili ndekha, mayi."

"Nanga bambo akhala pabenchiwo?"

Ndinayang'ana kachithunzi kanga pakona ya sikirini. Munali ine, khoma ndi benchi. Pabenchi panalibe munthu.

"Mwina ndi mthunzi," ndinatero.

"Mthunzi umavala jekete? Anyamula envelopu. Akukuyang'anani inu."

Apa m'pamene ndinamva fungo. Dizilo, ndi bulangete lomwe lakhalitsa osachapa. Ndinatembenuka. Benchi inali yopanda kanthu. Chitseko chinali chokhoma, kiyi ali momwemo.

"Ntchito iyi siyifuna munthu wonama," anatero mayi Phoebe, mawu atazizira. "Athandizeni kaye bambowo. Akuoneka otopa."

Anadula.

Sindinakuwe. Sindinathawenso, chifukwa kuti ndifike pachitseko ndinayenera kudutsa pabenchipo. Ndinakhala momwemo, manja patebulo, ndikuyang'ana sikirini mpaka inadzizimitsa. Misozi inkatsika, ndipo sindikudziwa ngati inali ya mantha kapena ya ntchito yomwe inandipulumuka. Nthawi ndi nthawi benchi inkalira, monga imachitira munthu akamasintha makhalidwe. Kamodzi ndinamva pepala likukhwekhwereza.

Injini yoyamba italira panja, fungo lija linatha. Ndinatsegula chitseko kunja kukuyera. A Jobson anali akukhutula phulusa la mbaula. Atandiona anasiya.

"Wabwera?" anafunsa motsitsa mawu.

Ndinagwedeza mutu.

Anandiuza kuti zaka zapitazo, alamu asanatenge kaofesiko, panali dalaivala wina amene mapepala a katundu wake anasokonekera. Bwana wake sankayankha foni. Anakhala pabodapo milungu itatu, akugona m'thiraki, m'mawa uliwonse n'kubwera kudzakhala pabenchi. Anadwala. Tsiku lina sanabwere. Anthu anakamupeza m'thiraki mwake atazizira, envelopu ili pachifuwa.

"Ena amati anali wa ku Chipata, ena amati wa ku Dedza. Dzina lake palibe akulikumbuka. Akaona nyale usiku amabwera. N'chifukwa chake a Levi amatseka dzuwa lisanalowe." Anandiyang'anitsitsa. "Inu munamuyankha chiyani?"

"Ndinati adikire."

A Jobson anaweramitsa mutu. "Anzanu amangomuuza kuti si muno, n'kuzimitsa nyale. Mukamuuza kuti adikire, ndiye kuti mwamulandira."

Alamu nditawabwezera kiyi sanandifunse kanthu, nane sindinawauze.

Patapita milungu itatu ndinapita kwa akulu anga a Thandiwe ku Lilongwe, kuti ndikafunire ntchito kumeneko. Bambo wina wa ku Lusaka, wogulitsa zipangizo za ulimi, anavomera kundiona pa vidiyo. Inali 10 koloko m'mawa, dzuwa likuwala, ana ali kusukulu, akulu anga ali kuntchito. Tinacheza bwino. Chakumapeto anasendera pafupi ndi kamera yawo.

"Pepani, kodi madala ali kumbuyowo akudikira inu?"

Sindinatembenuke. Ndinalibe mphamvu zake.

"Eya, akudikira ine," ndinatero. "Tiyeni tipitirize."

Ntchitoyo anandipatsa, ndipo ndikuigwirabe. Masiku ano ndikamayankhula ndi kasitomala ndimasendeza laputopu pafupi kwambiri, kuti pasikirini pazioneka nkhope yanga yokha.