Exildah Adula Chigubu

Exildah anali mtsikana wa ku komboni ya Kanyama. Anali wamfupi. Anali wamakani. Ndipo tsiku limeneli anali wokwiya kwambiri.

Anakwiyira miyala. Miyala inapweteka chala cha amayi ake. Exildah ankafuna chinthu chimodzi basi. Ankafuna chala cha amayi chipole.

Amayi a Exildah ankaswa miyala. Ankakhala pansi m'mbali mwa msewu. Ankatenga mwala waukulu. Ankaumenya ndi nyundo. Kho, kho, kho. Mwala waukulu unkasanduka timiyala. Omanga nyumba ankabwera kudzagula timiyalato.

Kale amayi sankaswa miyala. Kale atate ankagwira ntchito ku fakitale. Anali ndi nsapato zolimba, za chitsulo kutsogolo. Koma fakitale inatseka. Mafakitale ambiri anatseka zaka zimenezo. Ufa unakwera mtengo. Makala anakwera mtengo. Atate anagulitsa nsapato zija. Nsapato zinasanduka ufa. Ufa unatha.

Tsono amayi ankapita ku miyala atavala mapatapata. Mukuwadziwa mapatapata. Pansi pali labala. Pamwamba pali timalamba tiwiri. Zala zimangokhala pamtetete. Mapatapata ndi abwino posamba. Si abwino pa miyala ya ku Kanyama. Miyala ya ku Kanyama ilibe ulemu ndi munthu.

Tsiku lina mwala unagwera chala chachikulu cha kuphazi kwa amayi. Chikhadabo chinachoka. Chala chinatupa. Chinada bii.

Exildah anaperekeza amayi ku kiliniki. Anesi anatsuka bala. Anamanga bandeji. Kenako analoza chala chija.

"Amake Exildah, mverani," anatero anesi. "Chala ichi chikapwetekekanso, tizachidula. Muzichitsuka na madzi a mchere. Ku miyala musapite."

"Nikaleka miyala, tizadya chani?" anafunsa amayi.



Panjira amayi ankatsimphina. Exildah anachita tsinya. Anaona mwala uli phee pakati pa njira.

"Iwe mwala, ndiwe woipa," anatero Exildah.

Anafuna kuumenya theche. Anayang'ana mapazi ake. Nayenso anali atavala mapatapata. Anangotsonya, nausiya.

M'mawa amayi anamanga chitenje. Anatenga nyundo.

"Amama, musapite," anatero Exildah.

"Ufa watha, mwana wanga," anatero amayi.

Amayi anapita ku miyala. Atate anapita m'tauni kukafuna ganyu. Sukulu inali patchuthi. Exildah anatsala yekha ndi mkwiyo wake.

Anakhala pakhomo. Patali ankamva nyundo. Kho, kho, kho. Nyundo ikalira, mtima wake unkawawa. Chala cha amayi chinali kumeneko, pamtetete.

"Mutu umavala chipewa," anatero Exildah. "Nanga chala chisavale chifukwa chani?"

Anapita kuseri kwa nyumba. Anakumba dothi. Analinyowetsa. Anaumba chala cha dothi. Chinali chachikulu ngati cha amayi.

Anatola chikatoni. Anachipinda ngati chipewa. Anaveka chala cha dothi. Ananyamula mwala, naugwetsa.

Phwa.

Chikatoni chinaphwanyika. Chala cha dothi chinaphwanyika. Exildah anatsonya.

Anaumba chala china. Anatola chitini. Anaveka chala cha dothi. Ananyamula mwala, naugwetsa.

Ngwe.

Chitini chinapindika. Chinadula chala cha dothi pakati. Exildah anatupa ngati finye. Anaponya chitini kutali. Nkhuku za eni ake zinabalalika. Zinalakwa chiyani nkhukuzo? Palibe.

Exildah analowa m'nyumba. Kuseri kwa chitseko kunali chigubu. Chinali chachikasu. Kale chinali cha saladi, mafuta ophikira aja. Tsopano chinali chotungira madzi. Chinali chimodzi chokha m'nyumba monse. Exildah ankadziwa zimenezo. Koma munthu akapsa mtima saganiza za mawa.

Anathira timadzi totsala mu poto. Anatembenuza chigubu. Pansi pake panali makona anayi. Anagogoda kona limodzi. Linali lolimba. Linali lokhota bwino, loti zala zilowemo.

Exildah anatenga mpeni wa amayi. Sanafunse munthu. Anacheka. Anacheka. Anachekabe, thukuta lili kamukamu. Kona linachoka.

Anaumba chala china. Anachiveka kona la chigubu. Ananyamula mwala, naugwetsa.

Gu.

Mwala unadumphira pambali. Exildah anavundukula. Chala cha dothi chinali bwinobwino. Anagwetsanso mwala. Chinali bwinobwino. Anadula kona lachiwiri, pakuti amayi ali ndi mapazi awiri.

Dzuwa litapendeka, amayi anabwera. Ankatsimphina kuposa dzulo. Bandeji inali fumbi lokhalokha. Anakhala pa mpando, nausa moyo.

"Exildah, tenga chigubu," anatero amayi. "Katunge madzi ku pompi. Nifuna kutsuka chala."

Exildah sanadzuke.

Amayi anasuzumira kuseri kwa chitseko. Chigubu chinali chagada. Chinali ndi mabowo awiri aakulu.

"Wadula chigubu ni ndani?" anafunsa amayi.

"Ndine," anatero Exildah.

"Unafunsa ndani?"

"Palibe."

Amayi anapsa mtima. Mawu awo anakwera. Anansi anayamba kusuzumira pa zitseko.

"Chigubu chimozi chabe, iwe wachidula," anatero amayi. "Manje tizatungira mu chani? Mu manja? Nivutike na miyala, nivutikenso na iwe?"

Exildah nayenso anapsa mtima. Misozi inalengeza m'maso. Koma sanalire.

"Vigubu vilipo ku maliketi," anatero. "Nanga chala amagulitsa kuti, Amama?"

Amayi anagwetsa maso. Anayang'ana bandeji.

"Usaniyankhe," anatero. "Tenga poto. Katunge madzi."

Ku pompi kunali kutali. Mzere unali wautali. Aliyense anali ndi chigubu kapena ndowa. Exildah yekha anali ndi poto.

"Iwe Exildah, wabwera kuphikira kuno?" anatero mtsikana wina.

Onse anaseka. Exildah sanaseke. Anasenza poto. Madzi anakhavukira pa diresi. Anafika kunyumba poto ali theka. Anabwereranso. Anasenzanso. Ananyowanso. Miyendo inawawa. Khosi linawawa.

Kenako anatenthetsa madzi pang'ono. Anathiramo mchere. Anagwada pamapazi pa amayi. Anamasula bandeji. Anatsuka chala.

Amayi anali okwiya. Exildah anali wokwiya. Koma Exildah ankatsuka pang'onopang'ono, kuti amayi asamve kuwawa.

Atate anabwera dzuwa likulowa. Ganyu sanaipeze. Anaona chigubu. Anaona nkhope ya amayi. Anaona nkhope ya Exildah.

"Muno mwachitika chani?" anafunsa atate.

"Funsani mwana wanu," anatero amayi.

Exildah anabweretsa makona awiri aja. Anabweretsa chala cha dothi. Anagwetsa mwala atate akuona. Gu. Chala chinali bwinobwino.

"Safunsa anadya phula," anatero atate. "Mpeni si wa ana. Ukanazicheka, muno mukanakhala odwala abili."

Exildah anazyolika.

Atate anatola kona limodzi. Analifinya ndi manja. Analiponda ndi chidendene. Silinaphwanyike.

"Koma ichi chinthu nicholimba," anatero atate. "Bweretsa mapatapata ya amai ako."

Atate anaika msomali pa mbaula. Msomali unafiira. Anaboola timabowo m'makona a chigubu. Anaboola timabowo kutsogolo kwa mapatapata.

"Mwadula chigubu," anatero amayi. "Manje muboola na mapatapata yanga?"

Atate anatenga waya. Analowetsa waya m'timabowo. Anapota waya. Anapinda nsonga zake kuti zisalase.

"Va moto ni vanga," anatero atate. "Va mukati ni vako, Exildah."

Exildah anapisa dzanja m'kati. Munali mokala. Anatenga kansalu kakale. Anakapinda. Anakayala m'kati bwinobwino. Munafewa. Mapatapata anavala zipewa zachikasu.

M'mawa amayi anamanga chitenje. Anatenga nyundo. Anayang'ana mapatapata aja. Anachita tsinya.

"Nivale chigubu ku mapazi?" anatero amayi. "Kanyama yonse izaniseka."

Exildah anaima pa chitseko. Anagwira m'chiuno.

"Aseke," anatero. "Kuseka sikudula chala."

Amayi anatsonya. Nsapato zina analibe. Analowetsa phazi limodzi. Analowetsa phazi lina. Ananyamuka. Exildah anawalanda nyundo, nawatsata pambuyo.

Ku miyala kunali Ba Ennie. Ba Ennie anali anzawo a amayi. Nawonso ankaswa miyala. Anaona mapazi achikasu akubwera. Anaika nyundo pansi. Anaseka mpaka misozi.

"Amake Exildah, mwagula kuti nsapato za saladi?" anatero Ba Ennie.

Amayi ena onse anaseka. Wokankha wilibala nayenso anaima kuti aseke. Kuseka kwaulere sikusowa anthu.

Amayi anangodutsa. Anakhala pansi. Anatenga nyundo. Kho, kho, kho. Tsiku limenelo miyala inaona zakuda. Amayi ankaimenya ndi mkwiyo wonse.

Exildah anakhala pamthunzi. Sanayang'ane oseka. Ankangoyang'ana phazi la amayi.

Dzuwa linafika pamutu. Ba Ennie anapita pa mulu wa miyala ikuluikulu. Anakoka mwala umodzi. Mwala wina unaterereka pamwamba. Unagubuduka. Unagubuduka. Unalunjika phazi la bandeji lija.

Gu.

Nyundo zonse zinaleka kulira. Amayi anatsinzina. Exildah anathamanga. Anakankha mwala. Unali wolemera. Ba Ennie anabwera, nakankha nawo. Mwala unachoka.

Chipewa chachikasu chinali chitabonyoka pang'ono. Chinali ndi chipsera choyera.

Amayi anatulutsa phazi pang'onopang'ono. Exildah anayang'ana bandeji. Panalibe magazi.

"Gwedezani, Amama," anatero Exildah.

Amayi anagwedeza. Chala chinagwedera.

Amayi anapumira m'mwamba. Anagwira mutu wa Exildah. Anaugwira nthawi yaitali.

Ba Ennie sanasekenso. Anayang'ana zala zawo. Zinali pamtetete. Zikhadabo zina zinali zakuda. Zina kunalibe.

"Exildah, chigubu chija chatsala na makona angati?" anafunsa Ba Ennie.

"Abili," anatero Exildah.

"Ine nili na vigubu vibili ku nyumba," anatero Ba Ennie. "Nizakupatsani chimozi. Imwe munipatse makona."

Exildah anayang'ana amayi. Tsopano anafunsa.

"Amama, tiwapatse?"

"Apatse," anatero amayi. "Nabo avale saladi."

Madzulo Exildah anapita ku pompi. Anapita ndi chigubu cha Ba Ennie. Anabwera nacho chodzaza. Diresi linali louma.

"Ichi chigubu ukachigwira na mpeni, uzaniona," anatero amayi.

"Nizafunsa, Amama."

"Ukafunsa, nizakana."

Atate anaseka ali pa mbaula. Anali kuboola mapatapata a Ba Ennie.

Masiku anapita. Amayi ankapita ku miyala ndi mapazi achikasu. Ankabwera ndi mapazi achikasu. Madzulo aliwonse Exildah ankatsuka chala ndi madzi a mchere. Kutupa kunatha. Kutsimphina kunatha.

Tsiku lina Exildah anamasula bandeji. Anayang'anitsitsa. Anaona kanthu koyera, kakang'ono.

"Atate, bwerani muone," anatero Exildah.

Atate anabwera. Anawerama. Chikhadabo chatsopano chinali kumera.

Amayi anatambasula mwendo. Anagirigisha Exildah pamimba ndi chala chomwecho. Exildah anayesa kuchita tsinya. Zinakanika. Anagwa chagada ndi kuseka, ndipo madzi a mchere anatayikira pa buluku la atate.